Katundu wa Pamutu

Pamutu panga pali dazi losabadwa nalo.
Linabwera ndi nkhata,
zaka khumi ndi zinayi ndikutsitsa matabwa a mkungudza
kuchokera ku Chambe mpaka ku Likhubula,
usiku, popanda tochi, kuopa alonda a nkhalango,
zala za kumapazi zikuwerenga miyala.
Thabwa limodzi linali sopo ndi mchere.
Awiri anali yunifolomu ya Dofa.
Sindinkafunsa kuti mtengowo unali ndi zaka zingati.
Njala ilibe kalendala.

Lero ndasenzanso katundu,
koma wopepuka ngati tsamba la tiyi:
katoni yokhomera ku nsungwi.
Wolemba ndi Dofa yemweyo, cholembera chake makala,
inde makala, tinaseka tonse:
PHIRI LIKAVULA, IFE TIVALA MATOPE.

Tanyamuka pa Chitakale mame asanaume.
Amayi othyola tiyi abwera ndi majombo awo,
ana a sukulu ndi mabotolo a madzi,
anyamata operekeza alendo kuphiri akuimba malikhweru.
Mai Namakhwa ali patsogolo
ndi chimkuzamawu chobwereka ku mpingo,
chomakhosomola batire likafooka.
Iwo sanena zakusintha kwa nyengo ngati a pa wailesi.
Amatchula mayina:
Esitere, Mulimba,
ndi khanda lija linali lisanapatsidwe dzina,
amene matope anawapeza m'tulo
chaka chija phiri linasanza miyala.

Kupitirira mlatho takumana ndi Jailosi,
matumba atatu a makala pa njinga,
thukuta lakuda likutsika m'khosi.
Waliza belu, watiyang'ana, walavula:
"Ana anga adya zikwangwani zanuzo?"
Gulu lamukuwiza.
Ine ndangoti kakasi,
pakuti funso limenelo ndinalisenzapo pamutu panga.
Ndamugwirira njinga pachitunda,
takankha limodzi, chikwangwani chili m'khwapa.
Sitinamvane pa chilichonse.
Koma posiyana wafunsa chapansipansi
kuti ku nazale amalipira lachingati.

Ku boma bwana watuluka mochedwa, akupukuta magalasi.
Kalata yathu ili ndi masamba asanu ndi limodzi.
Tikufuna alonda azilandira malipiro pa nthawi yake.
Tikufuna malole a usiku aziimitsidwa pa rodibuloko,
osati njinga zokha.
Ndipo ntchito yolambula njira zotchinga moto
ipatsidwe kwa ife odziwa phirili ndi mapazi.
Ine ndasaina ndi chala,
chala chomwe chija chinkayesa mano a macheka.
Inki yakana kuchoka.

Sindidziwa ngati kalatayo idzawerengedwa
kapena idzagona m'kabati ndi zinzake,
chiswe chokha chikutsegula masamba.
Chimene ndikudziwa n'chakuti
kumtunda kuja kuli nanzikambe wamng'ono ngati chala changachi.
Tsiku lina ndinamupeza pa nthambi yomwe tinagwetsa,
akuyenda ndi ulemu wake wonse,
phazi kutsogolo, phazi kumbuyo,
kufunafuna mtengo womwe unali utapita kale.
Ndinamuseka tsikulo.
Usiku wina amabwera kudzayenda pa denga la maloto anga,
ndipo sindiseka.

Madzulo ano chiperoni chatsika mpaka m'minda ya tiyi.
Mawu anga asasa, mapazi atupa,
komabe ndadutsira ku nazale kukathirira.
Mbande za mkungudza zaima m'machubu akuda,
zazifupi ngati tsitsi la mwana wometa dzana.
Akuti zidzafika msinkhu wa zija ndinadula
ine ndi Dofa titaiwalika kale.
Zili bwino choncho.
Ngongole ina sabweza kwa mwini wake.

Mawa ndikwera nazo, makumi awiri m'dengu,
pa nkhata yomwe ija,
njira yomwe ija,
masana, aliyense akuona,
katundu ali pamutu
koma nkhope italoza kumtunda.